Mbewu ya mapira a ziweto: ng'ombe ndiyo ikuuzeni yoti musunge

Mu Ogasiti 2024, chilala cha El Niño chitapsereza chimanga pafupifupi dziko lonse la Zimbabwe, ndinathira mitolo iwiri ya mapesi a mapira m'khola lathu ku Seke. Mtolo wina unali wa mapira amene ine ndinkawanyadira, a ngala zikuluzikulu zoyera. Winawo unali wa timapira tosaoneka bwino timene amalume anadzala m'mphepete mwa munda, mbewu yochoka kwa abale ku Chikwawa. M'mawa mwake ndinapeza mtolo wa amalume watha psiti, pamene wangawo ng'ombe zinangosadzula masamba n'kusiya ndodo zokhazokha zili mbwee, zina zitapondedwa m'ndowe. Amalume sanandiseke. Anangoti, "Iwe mphwanga, wakhala ukusankhira mbewu m'kamwa mwako. Ng'ombe unaifunsa?"

Kuyambira pamenepo ndinasintha kasankhidwe ka mbewu, ndipo ndilemba pano ndondomeko yake. Ndikulembera makamaka anzanga a ku Mbare, Mufakose, Epworth, Dzivarasekwa ndi Tafara amene tili ndi kamunda kunja kwa mzinda wa Harare, kaya ku Seke, Goromonzi, Domboshava kapena Norton, kumene timasunga mbuzi zingapo ndi ng'ombe imodzi kapena ziwiri zamkaka. Anzathu kuno amati mapfunde, ku Bulawayo amati amabele, ife timati mapira. Mbewu yake ndi yomweyo.

Choyamba, sonkhanitsani mitundu yosiyana

Simungasankhe pamene palibe chosiyana. Chaka choyamba pezani mitundu isanu kapena isanu ndi umodzi, iliyonse yodzadza dzanja basi. Mwa mitundu ya akatswiri pali Macia, imene inatulutsidwa kuno mu 1998 kudzera mu ntchito ya ICRISAT, bungwe lofufuza mbewu za kumadera ouma, ku Matopos. Macia ndi wamfupi, wa njere zoyera, ndipo masamba ake amakhalabe obiriwira njere zitakhwima. Palinso SV2 ndi SV4, komanso SC Sila ya Seed Co. Amene mumapita kumudzi mwina mukuwadziwa Pilira 1 ndi Pilira 2, amene anatulutsidwa ku Malawi mu 1993. Koma musaiwale mbewu za makolo, makamaka misale, imene kuno amaitcha ipwa, ija timatafuna ngati nzimbe. Pa nkhani ya ziweto, misale ndi chuma chenicheni chifukwa phesi lake ndi lamadzi ndi lotsekemera mpaka pansi. Funsani amayi achikulire a kutchalitchi ndi a kumunda woyandikana nawo, pakuti mbewu zabwino zambiri zili m'zitini za pansi pa bedi. Kudutsa ndi mbewu pa malire a mayiko kumafuna chilolezo cha azaulimi, choncho njira yosavuta ndi kufunafuna zimene zilipo kale kuno.

Chenjezo limodzi pogula. Ngati paketi yalembedwa kuti ndi haibridi, makamaka zija zosakaniza mapira ndi udzu wa Sudan zimene amagulitsa ngati chakudya cha ziweto, dzalani mudyetse, koma musasungepo mbewu poyembekeza kuti chaka chamawa zidzabereka chimodzimodzi. Ine ndinayesapo ndi paketi ya m'sitolo ina m'tauni. Chaka chachiwiri munda unali ngati msonkhano wa anthu osadziwana: wina wamtali, wina wamfupi, wina wangati tsekera, wina woyoyoka njere usanakolole.

Chachiwiri, dzalani moti muthe kuyerekeza

Patulani kachigawo kamodzi ka nthaka yofanana, kutali ndi chulu ndi mthunzi wa mtengo. Mtundu uliwonse upatseni mizere inayi ya mamita asanu. Pakati pa mizere siyani masentimita 75 mpaka 90, mbewu ilowe masentimita atatu kapena asanu, ndipo popatulira siyani masentimita 15 mpaka 20 pakati pa mapesi. Manyowa thirani mofanana, kupalira tsiku limodzi. Ngati malo alipo, bwerezani mitundu yomweyo kumbali ina ya munda mosintha ndandanda yake, kuti mtundu usapambane chabe chifukwa unagwera pamene panali khola lakale. Khomani chikhomo cholemba dzina, ndipo mulembenso m'kope, chifukwa chiswe ndi ana amakonda zikhomo.

Dzalani ndi mvula yoyamba yodalirika, kumapeto kwa Novembala kapena kuchiyambi kwa Disembala. Apa Harare amasiyana ndi kwathu ku Chigwa cha Shire. Kuno tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, ndipo usiku umayamba kuzizira msanga mu Epulo. Mapira aatali a makolo ambiri sachita maluwa mpaka masiku atayamba kufupika. Akachedwa n'kukumana ndi usiku wozizira, mungu umafa, ngala imakhala yopanda njere, kenaka pamabwera matenda aja otulutsa madzi onata ngati uchi pa ngala. Mtundu ukhoza kukupatsani mapesi aatali ngati nsungwi koma osakusiyirani mbewu yodzala chaka chamawa. Lembani tsiku limene theka la mzere lachita maluwa. Mtundu wochita maluwa mwezi wa Marichi usanathe ndi umene mungathe kuusunga kuno.

Chachitatu, phunzirani kuwerenga phesi

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo ndikhalitsapo. Tonse tinazolowera kusankha mbewu pa mulu wokolola: ngala yaikulu, yoyera, yolemera, ndiyo ya mbewu. Koma pa mulu simungaone phesi limene ngalayo inachokera. Mbewu ya mapira a ziweto imasankhidwa m'munda, chomera chili chiimire.

Yambani ndi msana wa tsamba, mzere uja wodutsa pakati kuchokera kuphesi mpaka kunsonga. Yang'anani nthawi imene ngala zikutuluka. Msana ukakhala woyera mbee ngati choko, phesi lake kawirikawiri ndi louma mkati, la chinkhupule. Ukakhala wobiriwira mothimbirira, ngati wanyowa, phesi lake ndi lamadzi. Thyolani limodzi mutafune, lilime likuuzani zotsalazo. Sikuti lamadzi lililonse ndi lotsekemera, ndiye kulawa n'kofunika. Lawani mfundo ya pakati pa phesi, njere zikadali zofewa, chifukwa nthawi imeneyo ndi pamene shuga amakhala wambiri.

Pali mtundu wachitatu wa msana, wofiirira ngati khofi wamkaka. Akatswiri amautcha bmr, ndipo unayamba kufotokozedwa ndi ofufuza a ku Purdue University ku America mu 1978. Mapira otere ali ndi ulusi wolimba wochepa m'phesi, ndiye m'mimba mwa ng'ombe amagayika bwino, ng'ombe imadya zambiri, mkaka umawonjezeka. Kuipa kwake n'kwakuti chimene chimafewetsa phesi m'kamwa chimalifewetsanso pa mphepo, motero ena amagwa mvula yamkuntho ikadza. Mukaupeza, sankhani okhawo amene aima chilili mpaka kukolola.

Kenaka werengani masamba. Chakudya chenicheni chili m'masamba, phesi ndi lotsatira. Chomera cha masamba ambiri, aakulu, oyandikana chimaposa chachitali chokhala ndi mfundo zotalikirana. Onani ngati masamba apansi akadali obiriwira pamene njere zauma. Ena amauma onse ngala isanakhwime, ndipo pofika Julayi amakhala atayoyoka n'kuuluka ndi mphepo. Ena amakhala obiriwira mpaka tsiku lokolola, ndipo amenewa ndiwo amakupatsani zonse ziwiri, nsima ndi chakudya cha khola. Masamba a mawanga ofiira ambiri, opserera m'mbali, kapena odzaza nsabwe, musiye. Phesi lobooledwa ndi kapuchi, lofiira mkati mukaling'amba, nalonso musiye.

Kunenepa kwa phesi kumanyenga. Phesi lonenepa ngati mpini limalemera pa sikelo, koma mbuzi siilikhudza, ng'ombe imangolinyambita. Ine ndimakonda lonenepa ngati chala chachikulu, kapena kupitirira pang'ono, ndipo chomera chikhale ndi mphukira ziwiri kapena zitatu zokula mofanana. Onaninso pansi. Ngati m'munda muli kaufiti, chomera chimene chaima bwino pakati pa kaufiti pamene anzake apinimbira n'choyenera kuchiikira chizindikiro.

Njere nazo muganizire. Ngati mukufunanso kudyetsa nkhuku kapena nkhumba, palani khungu la njere ndi mpeni. Mukapeza kachikopa kofiirira kwambiri mkati mwake, njerezo ndi zowawira, mbalame zimazipewa zikadali zanthete, koma nkhuku sizinenepa nazo bwino. Zoyera zopanda kachikopako ndi zabwino ku nkhuku, koma mudzalondera mpheta kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa kulowa. Ife amene timagona ku Mufakose n'kumapita kumunda Loweruka lokha tiyenera kulingalira bwino pamenepa. Ine ndinalolera zofiirira pa chigawo cha ng'ombe, zoyera ndimadzala pafupi ndi nyumba ya amalume pamene pali anthu.

Chomera chikakukhutiritsani, mangani kansalu pa khosi la ngala. Sankhani mkati mwa mizere, osati kumapeto kumene chomera chimanenepa chifukwa chosowa wolimbirana naye.

Chachinayi, tetezani ngala ku mungu wachilendo

Mapira sali ngati chimanga. Duwa lililonse pa ngala lili ndi mbali yaimuna ndi yaikazi, ndipo nthawi zambiri limadzibereketsa lokha. Komabe mphepo imabweretsa mungu wa kwina, ndipo pa njere 100 zilizonse, zisanu kapena khumi, nthawi zina kuposapo, zimakhala ndi bambo wachilendo. Pa kachigawo kamene mwadzala mitundu isanu moyandikana, zimenezi n'zokwanira kusokoneza ntchito yanu. Choopsa kwambiri ndi mapira akutchire aja omera okha m'mphepete mwa misewu ndi m'madambo, oyoyoka njere. Azuleni asanachite maluwa.

Njira yake ndi thumba la pepala, longa lija la shuga kapena la khaki logulitsiramo zinthu. Ngala ikangotuluka m'chikuta, maluwa asanayambe, ivekeni thumba n'kumanga kumunsi mosathina. Maluwa amayambira kunsonga kutsika pansi, ndipo amatha pa sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono. Pakatha masabata awiri mukhoza kuvula pepala n'kuveka kathumba ka neti yakale ya udzudzu kuti mbalame zisadye, mpweya uzilowa. Musasiye ngala mu jumbo ya pulasitiki nthawi yonseyi, imachita nkhungu n'kuola. Mukadzafika pochulukitsa mtundu umodzi pa munda waukulu, matumba sangakwane. Pamenepo talikirani mamita 200 kapena kuposa kuchoka pa mapira ena alionse. Ku mapuloti athu opanikizana izi n'zovuta, ndiye kambiranani ndi oyandikana nawo, mwina muwagawire mbewu yomweyo kuti nonse mudzale mtundu umodzi.

Chachisanu, funsani ziweto

Mukadula ngala, dulani mapesi a mtundu uliwonse paokha. Yezani makilogalamu asanu a mtundu uliwonse, muike m'zodyeramo zosiyana madzulo, m'mawa muyeze zotsala. Chitani masiku anayi kapena asanu, mukusinthasintha malo, chifukwa ng'ombe ili ndi ngodya yake imene imakonda ndipo idzayamba kudya chimene chili pamenepo. Musawaze mchere kapena madeya pa nthawi yoyesayi. Musaduledule mapesi, apatseni athunthu kuti muone chimene akukana. Mtundu umene unakupatsani mitolo khumi koma theka n'kutsala pansi waposedwa ndi umene unapereka mitolo isanu ndi iwiri yodyedwa yonse. Bwerezaninso mu Seputembala ndi mapesi amene mwasunga pa mthunzi, chifukwa nthawi ya njala ya ziweto ndi imeneyo, ndipo mtundu wina umene unali wokoma mu Meyi umakhala utasanduka nkhuni.

Chachisanu ndi chimodzi, ngala imodzi, mzere umodzi

Pa mitundu iwiri kapena itatu imene yapambana, tengani ngala zija munamanga nsalu, mupunthe iliyonse payokha, muike mu envulopu yakeyake ndi nambala. Chaka chachiwiri dzalani ngala iliyonse pa mzere wake, theka la mbewu lisungidwe. Apa ndi pamene bodza limaululika. Chomera chimene chinakongola chifukwa cha nthaka yabwino chimabala ana wamba. Chimene ubwino wake uli m'magazi chimabala mzere wonse wokongola. Tayani mizere yofooka yonse osamva chisoni, sungani mwina gawo limodzi mwa magawo anayi. M'mizere yabwinoyo sankhaninso zomera, vekani matumba, yesaninso ku khola. Chaka chachitatu phatikizani mbewu ya mizere yofanana msinkhu ndi nthawi yokhwima, muchulukitse. Pambuyo pake chaka chilichonse muzitenga mbewu pa ngala zosachepera 50, kuti mtundu usapanikizike n'kudzagwa wonse ndi matenda amodzi.

Chachisanu ndi chiwiri, kukwatitsa mitundu iwiri

Izi n'za amene ali ndi mtima wodekha. Tinene kuti muli ndi misale yotsekemera koma yochedwa, ndi mtundu wina wofulumira wa njere zambiri koma wa phesi louma. Mukufuna mwana wotenga zabwino za onse. Dzalani wochedwayo poyamba, wofulumirayo mumudzale kawiri kapena katatu motalikitsa masiku khumi, kuti ena adzakumane pa maluwa.

Sankhani ngala ya mayi imene yangoyamba maluwa kunsonga. Dulani nsonga yochita kale maluwayo ndi sizasi, muveke ngala jumbo yoonekera mkati madzulo n'kumanga. Chinyontho cha m'jumbomo chimalepheretsa timatumba ta mungu kusweka. Pakatha masiku awiri kapena atatu, m'mawa mame atangouma, vulani jumbo, gwedezani ngala kuti timatumbato tigwe, dulani nthambi zam'munsi zimene sizinatsegule maluwa. Pitani kwa bambo, gwedezerani mungu wake wachikasu m'thumba la pepala, bwerani nawo msanga chifukwa mungu wa mapira sukhalitsa, muveke thumbalo pa ngala ya mayi n'kugwedeza. Mangani, lembani mayi ndi bambo. Dzuwa likakhala loswa mtengo, phimbani jumbo ndi pepala kuti ngala isapse.

Njira imeneyi siitseka mungu wa mayi wonse, ndiye njere zina zidzakhala za mayi yekha. Muzizindikira pomera. Phesi louma limagonjetsa lamadzi pa mbadwo woyamba, choncho ngati mayi ndi misale, bambo ndi wa msana woyera, ana enieni a ukwatiwo adzakhala a msana woyera. Musakhumudwe, kutsekemera sikunatayike, kwangobisala. Vekani matumba ana amenewo, dzalani mbewu yawo yambiri, zomera 200 kapena kuposa. Pa mbadwo wachiwiriwu, pafupifupi chimodzi pa zinayi zilizonse chidzakhala cha phesi lamadzi, ndipo chimene chaonetsa khalidweli chimalipereka kwa ana ake onse. Msana wofiirira uja nawo umayenda chimodzimodzi. Mwa zamadzizo sankhani zofulumira, za masamba ambiri, zosagwa, ndipo bwererani ku ngala imodzi mzere umodzi. Pamatenga mibadwo isanu kapena isanu ndi umodzi kuti mzere ukhazikike. Pa mvula yokha ndi zaka zomwezo. Alangizi a zaulimi a boma a AGRITEX ndi ofufuza a Crop Breeding Institute muno mu Harare ndi oyenera kuwaonetsa zimene mwapeza.

Poizoni wa mapira anthete

Ndisapitirire osanena izi, chifukwa ndinataya nazo mbuzi yamkaka. Mapira aang'ono ali ndi mankhwala achilengedwe amene m'mimba mwa chiweto amasanduka poizoni wotseka mpweya m'magazi. Amakhala ambiri chomera chikakhala chosafika masentimita 60, pa mphukira zophuka mukadula, pa mapira ofota ndi ng'amba kenaka n'kulandira mvula, ndi pa amene apsa ndi chisanu cha Juni ndi Julayi. Mbuzi yanga inadula chingwe n'kulowa pa zitsa zophukira pambuyo pa kamvula ka mu Epulo. Mwana anaipeza ikupuma mwabefu, ikunjenjemera, thovu kukamwa, ndipo ola lisanathe inali itafa. Mukaona zizindikiro zotere tulutsani zinzake m'munda nthawi yomweyo ndi kuitana dokotala wa ziweto, mankhwala ake alipo koma amafuna changu.

Posankha mbewu yophukira bwino mukadula, dziwani kuti mukusankhanso ngozi imeneyi, ndiye mpanda ukhale wolimba. Dikirani mphukira zifike m'chiuno, dulani, muyanike zifote musanapereke, ndipo chiweto chanjala chiyambe chadya udzu wina. Kuumitsa bwino ndi kupanga sayileji (mapesi aawisi oduladula osungidwa motsekera mpweya) kumachepetsa poizoniyu. Koma pali vuto lina la mchere wa feteleza umene umaunjikana kumunsi kwa phesi mukathira feteleza wambiri mvula n'kudula. Limeneli kuyanika sikulichotsa, choncho chaka cha ng'amba dulani mokweza, musiye chitsa chachitali ngati chikhatho ndi theka.

Kusunga chakudya ndi kusunga mbewu

Wofuna sayileji adule njere zikafika poti ukazifinya zikutuluka ngati phala lolimba. Duladulani tizidutswa ta masentimita awiri kapena atatu, tsirani m'dzenje loyala pulasitiki kapena m'mgolo, pondani mwamphamvu mpweya uthe, tsekani tsiku lomwelo, ndipo musatsegule masabata atatu asanathe, asanu ndi limodzi ndiye bwino. Misale siifuna molasesi, shuga ili nayo kale. Mapesi ouma asasiyidwe m'munda kuti dzuwa ndi chiswe zigawane. Akwezeni pa thandala la denga. Mapira okha, ngakhale abwino chotani, zomanga thupi ndi zochepa m'mapesi ake, ndiye sakanizani ndi masangwi a mtedza, khobwe, nkhungudzu kapena kalongonda.

Ngala za mbewu dulani njere zikaoneka kadontho kakuda kumunsi kwake, muumitse pa mthunzi wopita mphepo mpaka njere izithetheka mukailuma. Ngala ya njere zakuda zophulika fumbi ngati mwaye itayeni kutali, isakhudzane ndi zinzake. Agogo ankapachika ngala pamwamba pa moto kuti utsi uthamangitse anankafumbwe, ndipo njirayi ikugwirabe. Ife a m'nyumba za magetsi timathira m'botolo louma lotseka bwino, ndi phulusa losefa pang'ono. Gawani mbewu pawiri, ina kumunda, ina kutauni. Mu Okutobala tengani njere 100, muzikulunge m'kansalu konyowa, muwerenge zomera pakatha sabata. Zikapitirira 80 dzalani monga mwa masiku onse, zikachepera wonjezani mbewu pa phando. Botolo langa la chaka chino lalembedwa nambala 14, mzere wochokera ku timapira ta amalume tija, ndipo theka lake ndawapatsira kale mayi ena a ku Epworth amene ali ndi munda wamchenga ku Goromonzi, kuti tione ngati kumenekonso ng'ombe zidzamaliza mtolo.